Mawu Anga M'foni ya Twaibu

Ndinadzimva Lachitatu
kuseri kwa chigayo, pa mulu wa mankhusu,
Twaibu atatsegula foni yake
kuti Jafali amve chimene chinamulakwitsa.
Sanandione. Ndinali ndi ndowa m'manja.

"Iwe, matumba aja uwaike uko,
osati enawo, aja ndinanena aja,
ndipo usandifunsenso."

Ndinaima chilili.
Mayi ameneyu ndani,
wolankhula ngati akupirikitsa mbuzi m'dimba?
Aja ati? Uko kuti?
Mosungiramo muli matumba mazana awiri
ndipo lililonse ndi lija.

Dzulo lake Kilombero wa a Chiwaula
anasakanikirana ndi Faya wa mayi wa ku Bua.
Ndinakalipa mpaka akabaza anaima pamsewu wa ku Dwangwa
kuonera zaulere.
Ndinati makutu a anyamata a masiku ano
ndi zokongoletsera mutu.

Usiku ndinatenga kope la ngongole,
tsamba lakumapeto, lopanda dzina la munthu,
n'kulembapo langa.

Ndimalankhula injini ikulira,
kenaka n'kumadabwa kuti mawu anga
apunthidwa pamodzi ndi mpunga.
Ndimafunsa "wamva?" nditatembenuka kale.
Asiyatu wa pa sikelo
anayamba katatu mwezi uno, "Mayi, sikeloyi..."
katatu konse ndinam'malizira chiganizo
ndi mawu amene sanali ake.
Nanga zikomo?
Ndimamusungira makasitomala,
ngati mbale za alendo m'kabati.

Ngongoleyo inadzadza tsamba.

M'mawa ndinaitana Twaibu tisanalize makina.
"Ndikamalankhula umamva chiyani?"
Anayang'ana nkhwaira zake.
"Mumalankhula bwino, mayi."
Ndinadikira.
Kudikira kumayabwa ngati fumbi la mpunga m'khosi,
lilime limafuna kudumpha mpanda,
koma ndinaliluma.
Njinga inadutsa. Inadutsanso ina.
"Kungoti mawu anu amagwa ngati matalala.
Timabisala kaye pakhonde.
Akasiya timatuluka
n'kumafunsana kuti paja amati chiyani."

Sindinayankhe.
Ndinapita kwa Saidi kukagula choko.

Tsopano thumba lililonse lili ndi dzina pamimba.
Ndikakhala ndi mawu ndimakweza dzanja,
Jafali amazimitsa injini,
dizilo pang'ono amatayika, inde,
koma ndi wotchipa kuposa Kilombero wosakanizika.
Ndasiya kufunsa ngati amva.
Ndimati, "Tabwereza, ndione ngati ndanena bwino,"
ndipo kawirikawiri
chobwerera kwa ine chimakhala chopunduka mwendo,
n'kuona kuti chinachoka pakamwa panga chikutsimphina kale.

Asiyatu anamaliza chiganizo chake Lolemba.
Sikelo imaba theka la kilo pa thumba,
imabera ife, osati alimi,
kuyambira nthawi ya masika.
Ndinawerengetsa ndalamazo pa chikhatho.
Kusamva kuli ndi mtengo wake,
ndipo sakupatsa lisiti.

Musaganize kuti ndasanduka mngelo.
Lachinayi lapitali lamba anaduka,
mzere wa amayi utafika pa mpopi,
dzuwa la Nkhotakota likuwotcha malata,
ndipo mayi wa m'foni uja anadzuka mwa ine:
"Tenga chija! Chija, iwe!"

Jafali anathamanga.
Anabwerera atanyamula sipanala,
tsache,
ndi kapu yanga ya tiyi wozizira,
n'kuziyala pansi ngati malonda a pamsika.
"Chiti, mayi?"

Zaka ziwiri wagwira ntchito pano
osandifunsapo funso.

Amayi a pamzere anaseka, Twaibu anabisa nkhope m'chipewa.
Ine ndinameza mate, ndinapuma,
ndinafufuza dzina la chinthucho m'mutu mwanga
mmene linakhala nthawi yonseyi
osatumidwa.

"Sipanala ya teni. Zikomo."

Anandiyang'ana kawiri
asanawerame kuitola.